Momwe mungawerengere manambala a metal detector posaka golide ndi siliva

Anthu ambiri akagula metal detector, makina aja ofufuzira zitsulo zokwiririka, amaganiza kuti nambala ikakwera pasikirini ndiye kuti pansi pali chinthu chodula. Nanenso ndinayamba choncho. Miyezi yoyambirira ndinkayenda mumchenga ku Senga Bay n'kumakumba manambala apamwamba okhaokha, m'thumba n'kumadzaza zitini zophwanyika ndi tizidutswa ta waya. Manambala apansi ndinkangowadutsa, osadziwa kuti mphete zagolide zimakhala kumeneko. Zimene ndalemba apazi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba.

Choyamba, dziwani sikelo ya makina anu

Nambala ija, imene m'buku la makina amaitcha Target ID, sikuuzani dzina la chitsulo. Koyilo, chimbale cha kumapeto kwa ndodo ya makina, imatumiza mphamvu ya maginito pansi, chitsulo chimayankha, ndipo makina amayeza kayankhidweko n'kukasandutsa nambala. Kayankhidwe kamadalira momwe chitsulocho chimadutsitsira magetsi, kukula kwake ndi kaumbidwe kake.

Kampani iliyonse ili ndi sikelo yake. Garrett AT Pro ndi Nokta Simplex amawerenga kuyambira 0 mpaka 99. Minelab Equinox 600 ndi 800 amayambira -9 kulekezera 40, pamene Equinox 700 ndi 900 amachokera -19 kufika 99. Ndiye 20 pa AT Pro ndi msomali wadzimbiri, koma 20 yemweyo pa Equinox 800 akhoza kukhala mphete yochindikala ya bambo. Mnzanu akakuuzani nambala imene anapezerapo mphete, mufunseni kaye makina amene ali nawo.

Chachiwiri, ikani zinthu zanu pansi muyese

Musanapite kunyanja, pezani malo pabwalo pamene makina sakulira. Yalani motalikirana zinthu izi: msomali, chitsekerero cha botolo la zakumwa, kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya mutakapinda, kachitsulo kotsegulira chitini, chitini chophwanya, ndalama zingapo zachitsulo, mphete yasiliva ndi yagolide. Ngati mulibe, bwerekani kwa achemwali anu kapena azakhali, bola muwalonjeze kuti simukwirira. Dutsitsani koyilo pa chilichonse, lembani nambala m'kope, ndipo mvetserani kulira kwake muli ndi mahedifoni. Chotsani wotchi ndi mphete m'manja, ndipo musavale nsapato zachitsulo kutsogolo.

Chimene mudzaone chidzakudabwitsani: mphete yagolide ndi kotsegulira chitini zikupereka nambala yofanana kapena yoyandikana kwambiri.

Chachitatu, mvetsani chifukwa chake golide amatsika

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Siliva ndiye chitsulo chodutsitsa magetsi kuposa china chilichonse, ndipo zokongoletsera zasiliva zimakhala pafupifupi siliva yekhayekha: chidindo cha 925 chimatanthauza magawo 925 pa 1,000 alionse. N'chifukwa chake mphete yasiliva imalira mokweza ndi moyera, nthawi zambiri kuyambira cha m'ma 80 pa AT Pro, kapena kupitirira 24 pa Equinox 800. Siliva savuta.

Golide wa mphete ndi wosakaniza. Wa makarati 9, amene ndi wofala m'masitolo a ku South Africa ndi ku Britain, ali ndi golide weniweni magawo 375 okha pa 1,000. Wa makarati 14 ali ndi 585, wa 18 ali ndi 750, wa 22 ali ndi 916. Zotsalazo ndi kopa, siliva, zinki ndi zina. Zitsulo zikasakanizidwa chonchi, magetsi amadutsa movutikira kuposa m'chitsulo chimodzi chosasakaniza, ndipo nambala imagwa. Golide woyera, wosakaniza ndi nickel kapena palladium, amatsika koposa.

Kenaka pali kukula. Kamphete kowonda ka chinkhoswe, kokhala ndi kamwala pamwamba, kamagwera m'manambala a kapepala ka fodya, cha m'ma 40 pa AT Pro kapena pansi pa 10 pa Equinox 800. Mphete yaukwati yapakatikati imakhala pamodzi ndi zotsegulira zitini. Yochindikala ndiyo imakwerako. Mphete ikaduka, magetsi sazunguliranso mkombero wonse, ndiye nambala imatsika kwambiri ngakhale golide ndi yemweyo. Ndolo zotseguka zimachitanso chimodzimodzi. Tcheni chopyapyala cha m'khosi ndiye chovutitsitsa, pakuti makina amaona kamphako kamodzikamodzi, osati tcheni chonse. Kawirikawiri chimene chimalira ndi kokowekera kapena kamtanda kolendewera.

Choncho palibe batani limene lingachotse aluminiyamu n'kukusiyirani golide. Ogulitsa ena amanena ngati lilipo, koma kulibe. Mukatseka manambala a zinyalala kuti makutu apume, mwatsekanso mphete.

Chachinayi, konzani makina molingana ndi nthaka

Tsekani manambala a chitsulo chadzimbiri okha, ena onse akhale otsegula. Ine ndimakonda kusiya ngakhale a chitsulowo akumveka chapansipansi, chifukwa amandithandiza pa zitsekerero za mabotolo.

Chitani ground balance, kukonza makina kuti asamalire chifukwa cha nthaka yokha, mukangofika: pezani malo opanda chitsulo, kwezani ndi kutsitsa koyilo mpaka makina atakhala chete. Musanyozere zimenezi. M'mphepete mwa nyanja ya Malawi muli malo a mchenga wakuda wolemera, monga mbali za Salima, ndipo mchengawu komanso dothi lakatondo zimasokoneza manambala, makamaka a tinthu tating'ono. Ubwino wake madzi athu alibe mchere. Amene muli ku Durban kapena ku Beira, mchenga wonyowa ndi madzi amchere umaliritsa makina a frequency imodzi (liwiro la mafunde amene koyilo imatumiza) popanda kanthu, ndipo phokosolo limagwera m'manambala apansi omwewo a golide wamng'ono. Kumeneko sankhani pulogalamu ya Beach, ndipo makina ogwiritsa ma frequency angapo nthawi imodzi ndiwo amakhazikika. Makina akamangolongolola, tsitsani mphamvu ya kumva kwa makina (sensitivity) pang'ono.

Chachisanu, onani khalidwe la nambala

Makina akalira, musathamangire fosholo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dutsitsani koyilo pang'onopang'ono, ili pafupi ndi nthaka, kanayi kapena kasanu. Kenaka sunthani muime cha m'mbali, mudutsitsenso mopingasa. Mphete yogona bwino, popeza ndi yozungulira, imapereka nambala yokhazikika mbali zonse, mwina 13, 14, 13 pa Equinox 800, ndi kaliridwe kakafupi kosalala. Chidutswa cha chitini chong'ambika chimadumphadumpha, mbali ino 11, mbali inayo 18. Chitsekerero cha botolo chimanamiza ndi nambala yokwera, koma mukabweza koyilo kuti m'mphepete mwake mokha mudutse, mumamva kubuula kwa chitsulo chadzimbiri.

Yesaninso kukula. Kwezani koyilo m'mwamba pafupifupi chikhato chimodzi uku mukudutsitsa. Chikapitiriza kulira mwamphamvu, ndi chinthu chachikulu, kawirikawiri chitini chokwiririka chimene chimadzionetsa ngati siliva. Mphete imazimiririka msanga.

Koma lamuloli lili ndi malire. Chinthu chikakhala chakuya, kapena choimirira chammbali, kapena pafupi ndi msomali, nambala imasokonekera ngakhale ndi golide. Kulira kofooka koma kobwereza pamalo amodzimodzi, mbali zonse ziwiri, kumbani. Khutu limayamba kudziwa sikirini isanadziwe.

Chachisanu ndi chimodzi, lolani malo akuuzeni zoti mukumbe

Pamene anthu amasambira, zala zimafota ndi madzi ozizira, mafuta odzola amaterera, mphete zimavuka. Pamenepo ndimakumba chilichonse chosakhala chitsulo chadzimbiri. Mmawa wina, m'madzi olekeza m'mawondo, ndinatulutsa zotsegulira zitini zoposa makumi awiri motsatizana, zonse pa 14 ndi 15 pa sikelo ya Equinox 800. Chotsatira chinalira chimodzimodzi. Nditapukusa sefa, mchenga utatsika, munatsala mphete yachikasu yowala ngati yavulidwa dzulo. Pamalo odyera ndi kumwera, pamene zinyalala zili mbwee, sankhani manambala okhazikika okha, apo ayi dzuwa lilowa muli pamalo amodzi.

Mukatulutsa, yang'anani m'kati mwake

Golide weniweni amatuluka ali wowala ngakhale atakhala zaka m'matope. Siliva nthawi zambiri amada. Chobiriwira kapena chosupuka khungu ndi kopa kapena brasi wokutidwa. Fufuzani chidindo m'kati, 375, 585, 750, 916 kapena 925, ndipo yandikizani maginito: golide ndi siliva sizikakamira. Chidindo chimatha kukhala chabodza, ndiye osula mphete ndiwo angakutsimikizireni. Lembani m'kope nambala, kuya kwake ndi chimene mwapeza.

Pemphani chilolezo kwa mwini loji kapena amfumu musanayambe, pewani manda, malo a mbiri yakale ndi malo otetezedwa ngati Lake Malawi National Park, ndipo kwirirani dzenje lililonse. Mphete ija ya m'madzi inali ndi zilembo ziwiri ndi tsiku laukwati m'kati. Ndinasiya uthenga kwa oyang'anira malowo osatchula zilembozo, kuti woifuna adzazitchule yekha.