Mmene Mungapindulire ndi Nthawi Yokhala Panja

Yambani ndi m'mawa. Mukadzuka, tulukani panja kwa mphindi 20 kapena 30 musanayambe ntchito za tsikulo, chifukwa kuwala kwa m'mawa kumadziwitsa ubongo kuti kwacha, ndipo zimenezi zimathandiza kuti usiku tulo tibwere pa nthawi yake. Dzuwa likawomba pakhungu, thupi limapanganso vitamini D amene amalimbitsa mafupa.

Mukatuluka musangokhala pansi, koma yendani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, choncho kuyenda ndawala kwa mphindi 30 pa masiku asanu n'kokwanira. Ngati n'kotheka, sankhani njira yodutsa m'mitengo kapena m'mphepete mwa madzi, ndipo foni ikhale m'thumba. Ndimaona kuti apa ndi pamene ambiri amaphonya, pakuti munthu amene maso ake ali pafoni saona mame akunyezimira paudzu, ndiponso samva mbalame zikulira munthambi, chikhalirecho zinthu zazing'ono zoterezi ndi zimene zimakhazika mtima pansi. Muziima pang'ono, n'kukoka mpweya pang'onopang'ono mpaka mapewa atamasuka.

Ana nawonso muziwatenga, popeza kusewera panja kawirikawiri kumachepetsa mpata woti adzavutike kuona zinthu zakutali.

Samalani ndi dzuwa la paliwombo, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Pa nthawi imeneyi khalani pamthunzi, valani chipewa chotchinga nkhope ndi khosi, ndipo muzimwa madzi ludzu lisanakule.