Momwe mungadzalire Japanese anemone woyera m'mbali mwa mpanda kuno ku Joni

Ambiri mwa ife Amalawi kuno ku Johannesburg timadyera ntchito ya m'magadeni, ndipo mukudziwa momwe mabedi amaonekera ikamafika Malichi: maluwa a dzinja atopa, pangotsala masamba. Nthawi imeneyi m'pamene Japanese anemone amayamba kuchita maluwa, mpaka cha mu Epulo. Ine ndimakonda mtundu wa Honorine Jobert, womwe unapezeka ku Verdun m'dziko la France mu 1858. Duwa lake ndi loyera mbee, pakati pachikasu, ndipo phesi limatalika kupitirira mita. Dzina loti Japanese lisakusokonezeni, kwawo kwenikweni ndi ku China.

Yambani ndi malo, poti ambiri amalakwitsa pomwepa. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho dzuwa la masana limawauka masamba mpaka m'mbali mwake muchite khwirikhwiri. Sankhani mbali ya kum'mawa kwa khoma, pomwe dzuwa limafika m'mawa mokha, kapena ya kum'mwera komwe kumakhala mthunzi. Pansi penipeni pa mtengo waukulu ngati jacaranda pewanipo, mizu yake imalanda madzi.

Dzalani mu Seputembala kapena Okutobala, chisanu chitatha. Kumbani dzenje lotambalala kawiri kuposa chubu chomwe mbande yabweramo kuchokera ku nazale, dothilo musakanize ndi kompositi wowolerana bwino. Mbande ikhale mulingo womwewo inalili m'chubu, musaikwirire khosi. Pakati pa phando ndi phando siyani masentimita 50. Mukatero phimbirani ndi masamba ouma, muzithirira mokwanira kawiri pa sabata mpaka mvula itakhazikika. Dothi likhale lachinyontho, koma madzi asadikhe. Nkhono zimakonda masamba anthete, muzizitola madzulo.

Tsono chachikulu ndi kudekha. Chaka choyamba duwali limaoneka ngati lakana, chifukwa mphamvu zonse zimapita ku mizu. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimapsereza masamba onse, pabedi n'kutsala zitsotso zokha. Ine chaka changa choyamba ndinazula mapando atatu poganiza kuti afa, kenaka n'kuona mizu yonenepa, yamoyo, ili pa fosholo. Zinandiwawa mtima, ndipo mpaka lero ndimazika kamtengo pa phando lililonse ndikadula mapesi ouma. Eni nyumba muwauziretu zimenezi, asamayese kuti ndalama zawo zalowa m'madzi.

Pofika chaka chachitatu nkhani imatembenuka. Mizu imayanga pansi n'kuphukira pomwe simunadzalepo, ngakhale pakati pa maluwa ena. Mu Ogasiti dulani yopitirira malireyo ndi fosholo, muokere pena kapena mugawireko anzanu, koma tsinde lalikulu musalisunthe chifukwa limachedwa kugwiranso. Valani magolovesi pochita izi, utomoni wake umayabwa pakhungu.