Dzala limodzi silikwanira pakhomo

Alimi anzanga a kuno ku Mchinji, takolola, ndipo Juni ndi Julayi ndiyo nthawi yokonza manyowa. Tisanayambe, tiyeni tisuzumire kudzala la kuseri kwa nyumba. Ambirife timataya zonse pamodzi: phulusa, makoko a nthochi, majumbo, mabatire a tochi, botolo losweka. Ikakwana Okutobala timafukula, n'kututira kumunda pangolo, ati manyowa. Ndikamayendera minda cha ku Kamwendo ndi ku Kapiri, ndimapeza mizere ili mbuu ndi majumbo, mwini munda n'kumaloza mphepo.

Chimene chimawoletsa zinyalala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, pamodzi ndi chiswe ndi nyongolotsi. Timafuna chinyezi, mpweya ndi chakudya choti tingathe kugaya. Makoko a nthochi ndi zotsalira za ndiwo zamasamba zimatha m'masabata ochepa. Pepala ndi katoni zikanyowa sizidutsa miyezi ingapo. Masangwe a mtedza ndi zotsalira za soya zimawola msanga kuposa mapesi chifukwa zili ndi nayitrojeni wambiri (chakudya chobiriwitsa mbewu, chimenenso tizilomboti timafuna), n'chifukwa chake ndimati muzisakaniza. Mapesi okhaokha amachedwa, koma mukawaduladula, n'kumasanjikiza ndi ndowe, masamba aawisi ndi dothi pang'ono, mukuwaza madzi, pakatha miyezi iwiri kapena itatu apsa, kaya mwapanga manyowa a changu (mulu wotembenuzatembenuza), a chimato (mulu womata ndi dothi) kapena a padzenje. Zikani kamtengo pakati pa mulu. Mukakazula patapita masiku angapo kakhale kofunda. Kakazizira, mulu wauma kapena mwathira madzi ochuluka. Zitsononkho ndi makoko a mtedza n'zouma mutu, zimatha kudutsa chaka zikuonekabe, choncho muziphwanye kapena muyale m'khola ziweto zipondeponde.

Pulasitiki ndi nkhani ina. Tizilombo tija sitimudya. Thumba la feteleza likakhala padzuwa limafumbutuka, ena n'kumati lawola. Ayi ndithu, langosanduka tizidutswa timene tidzakhala m'nthaka zaka mazanamazana, tina mvula n'kutikokolorera mu mtsinje wa Bua. Jumbo lokwiririka limatsekereza madzi ndi mizu, ndipo mbuzi ikalimeza chifukwa cha fungo la mchere kapena mandasi, limakhala m'chifu, mbuzi n'kumangowonda. Opha mbuzi pamsika akudziwa zimene amapezamo. Boma lidaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, Khoti la Suprimu n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, komabe m'mizere mwathu akadalimo.

Chitini chimadyeka ndi dzimbiri patapita zaka zambiri. Galasi ndiye musayembekeze n'komwe, lidzacheka mdzukulu wanu akupalira.

Kumbani maenje awiri. Lina la zowola zokhazokha, lina la zosawola, patali ndi chitsime, ndipo likadzaza mulikwirire osalifukulanso. Machubu a mbande za mitengo muwatolere mukawoka, abwinobwino adzagwiranso ntchito chaka chamawa. Mabatire asalowe m'manyowa, ali ndi mankhwala oipa. Botolo la mankhwala a mbewu mulitsuke katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenako muliboole kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Amayi, chonde, zoyatsira mbaula ndi jumbo zija tisiye, utsi wake umawononga m'chifuwa, makamaka mwa mwana ali kumbuyoyo. Zitsononkho zouma zimakoleza moto bwinobwino.