Mmene tingasodzere kuti nsomba zisathe m'dambo la Elephant Marsh

Nsomba zimatha ngakhale m'nyanja zikuluzikulu zamchere. Mu 1992, boma la Canada linaletsa kusodza nsomba za mtundu wa cod kufupi ndi chilumba cha Newfoundland, chifukwa zombo za makampani zinali zitakokolola pafupifupi zonse, ndipo anthu zikwizikwi anasowa ntchito. Dambo lathu la pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, lomwe linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar mu 2017, ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi nyanja imeneyo, choncho nsomba zathu nazonso zikhoza kutha tikapanda kusamala.

Yambani ndi ukonde. Sankhani matchera a maso akuluakulu kuti tiana ta makakana ndi mphende tizidutsa, ndipo masikito asiyeni kuchipinda, popeza amakoka chilichonse, ndi mazira omwe. Mukakola makakana aakazi ali ndi mazira kapena tiana m'kamwa, abwezereni m'madzi msangamsanga, pakuti nsomba zimenezi zimafungatira ana m'kamwa, ndipo kupha imodzi n'kupha gulu lonse.

Mvula ikagwa, Shire ndi Ruo n'kusefukira, milamba imakwera kukaswana m'udzu womira. Apa m'pamene ambiri timalakwa, chifukwa nsomba zimagwidwa mosavuta. Musatseke khwawa lonse ndi miono. Siyani mpata wodutsira. Katupe ndi mankhwala a thonje musathire m'madzi n'komwe.

Zonsezi sizitheka munthu ali yekha. Lamulo la zausodzi la 1997 limalola asodzi kuyang'anira nsomba mogwirizana ndi boma, choncho khalani pansi ndi komiti ya padoko komanso amfumu, mupatule thamanda limodzi loti pasaponyedwe ukonde chaka chonse.