Kutsuka chikwama chachikopa cha pakaunjika

Musachiviike m'madzi. Chikopa chikanyowa kwambiri chimauma gwa, kenako n'kung'aluka. Yambani mwatulutsa nsalu yam'kati n'kuikutumula. Kunjaku pukutani ndi kansalu kofewa konyowetsedwa m'kapu ya madzi ofunda momwe mwadonthezera madontho awiri a sopo wa ana, mutakafinya bwinobwino. Sopo waufa wochapira zovala ayi, amasukulutsa mtundu.

Ngati chachita nkhungu, sakanizani viniga ndi madzi mulingo wofanana n'kupukutira, koma yesani kaye kunsi kwa chikwama, posaoneka. Chiumitseni pamthunzi mutaikamo mapepala oyera kuti chisapindike. Nyuzipepala imasiya inki. Fungo lija la m'belo limachepa mukagonekamo sokosi yokhala ndi soda wophikira masiku awiri.

Chikauma pakani polishi wopanda mtundu pang'onopang'ono. Mafuta ophikira amadetsa chikopa, pambuyo pake chimanunkha. Chikamasupuka pamwamba, nthawi zambiri chimakhala chapulasitiki, polishi sangachithandize.