Momwe loya angapitire kukachita LLM kunja osataya chaka ngati ine

Maloya anzanga achinyamata akandipeza pakhonde la High Court kuno ku Mzuzu, funso limakhala lomwelomwelo: “Achimwene, munapita bwanji?” Ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Yambani ndi kusankha phunziro, osati dziko. LLM, yomwe ndi digiri ya masitazi ya zamalamulo, ndi ya chaka chimodzi m'mayunivesite ambiri a ku Britain, ndipo imafuna munthu wodziwa chomwe akukatenga: malamulo a misonkho, a migodi, a malonda a pakati pa mayiko, kapena a ufulu wa anthu. Ine ndinasankha za migodi chifukwa kuno kumpoto tili ndi Kayelekera ku Karonga ndi Kanyika ku Mzimba, koma mapangano ake amalembedwa ndi anthu ochokera kutali. Ngati mtima wanu uli pa ufulu wa anthu, musathamangire ku Ulaya. Centre for Human Rights ya pa University of Pretoria ili ndi LLM yodziwika mu Africa muno. Kungoti ku South Africa digiri yanu yoyamba ya zamalamulo (LLB) iyenera kuunikidwa kaye ndi SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro m'dzikomo. Dziwaninso kuti LLM sikupatsani chilolezo choimira anthu m'makhoti a kumeneko.

Kenako ndalama. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imatsegula cha mu Ogasiti, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, musankhe makosi atatu, ndipo mukamaliza mubwerere kumudzi kwa zaka zosachepera ziwiri. Palinso sikolashipu ya Commonwealth, ndi Beit Trust yomwe imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Kulembetsa kwake n'kwaulere. Pali madobadoba pa Facebook ndi pa WhatsApp omwe amati “tikupezerani malo, tumizani kangachepe”. Musawapatse ngakhale tambala. Ena amagulitsa nkhani zolemberatu, ndipo owerenga mafomu amazizindikira msanga. Lembani za mlandu womwe munaugwira ndi manja anu, mutachotsa mayina.

Transcript, chikalata cha malikisi anu a ku yunivesite, itanitsani msanga, makalata okuchitirani umboni akhale awiri, pasipoti ikhale ndi moyo. Za IELTS, mayeso a Chingerezi, funsani yunivesite yomwe mukupitayo, poti ena amakhululukira amene anaphunzira m'Chingerezi.

Tsopano pomwe ndinagwa ine: viza.

Sindinapeze sikolashipu yonse. Yunivesite inandichotsera fizi, koma zodyera ndi zogona zinali zanga. Zikatero, a ku Britain amafuna uonetse kuti uli ndi ndalama zokhalira mpaka miyezi 9, ndipo ndalamazo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lomaliza pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lolembetsa viza. Lamuloli ndinaliwerenga, ndipo ndinkaliona ngati laling'ono. Ndinagulitsa puloti yanga ku Luwinga, ndinawonjezera za kuofesi, zonse zinakwana bwinobwino.

Pa tsiku la 19 kunagwa maliro a malume anga ku Ekwendeni. Inu mukudziwa, pakhomo pakakhala loya, maso onse amayang'ana kwa iye. Bokosi, galimoto, ufa ndi ndiwo za anamfedwa. Ndinatapa mu akaunti ija Lachinayi, Lolemba ndinabwezera zonse mpaka kuwonjezerapo. Mumtima ndinati palibe vuto, ndalama zabwerera.

Kalata yokana inali yaifupi. Inatchula masiku anayi omwe ndalama zinatsika, basi. Ndinaiwerenga ndili m'galimoto panja pa ofesi, mvula ya ku Mzuzu ikuwaza pagalasi, makasitomala nditawatsanzika kale. Nthawi yoti ndiyambenso masiku 28 ndi kupempha CAS ina (nambala yomwe yunivesite imapereka potsimikiza malo, yofunika popempha viza) inali itatha. Yunivesite inandisungira malo, koma chaka chinapita, ndalama ya viza inapita, ndipo satifiketi ya TB, yomwe imagwira miyezi 6 yokha, inatha mphamvu.

Choncho chitani izi. Tsegulani akaunti yapadera, khadi lake mulisiye kwa munthu wouma mtima. Ikani kwina ndalama ya zadzidzidzi, chifukwa maliro ndi matenda sizidikira viza. Ndipo musaike ndalama yongokwana ndendende: amawerengera pa mtengo wa paundi wa tsiku lomwe mwalembetsa, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe zinali zokwana dzulo lero zaperewera. Za obwereketsa ndalama “zongoonetsa” pa katapila, kapena okonza sitetimenti yabodza, musayandikireko. Mukagwidwa akhoza kukuletsani kulowa m'dzikomo mpaka zaka 10, ndipo kwa loya ndi nkhani yotayitsa ntchito. Foreksi pemphani ku banki msanga, mutanyamula kalata ya sukulu. Pamsika wakuda mtengo wake ndi wolira.

Zotsalazo n'zoyenda ndi miyendo. TB kayezetseni kuchipatala chokhacho chomwe a ku Britain anavomereza, zidindo za zala ndi ku Lilongwe, ndiye konzekerani ulendo wa pa M1 ndi kogona usiku umodzi. Mafayilo apatseni mnzanu womukhulupirira, kasitomala aliyense alembedwe kalata, khoti lidziwe za kusintha kwa loya. A Malawi Law Society afunseni za laisensi yanu musananyamuke. Tikiti ya ndege gulani viza itatuluka.