Pa dressage, mwendo uziyamba, dzanja lizibwera pambuyo

Ambiri amene angoyamba kumene dressage, masewera ophunzitsa hatchi kuyenda mwaluso momvera wokwera, amayesa kuti hatchi imayendetsedwa ndi zingwe za m'manja. Si choncho ayi. Hatchi imamva kaye mmene mwakhalira pa chishalo, kenaka miyendo yanu, manja n'kubwera pomaliza. Mwendo ukamati "pita" pomwe dzanja likuti "ima", muona hatchi ikutukula mutu, kuyasama ndi kupukusa mchira. Siyamwano ayi, mwaisokoneza ndinu.

Konzani kaye kakhalidwe. Khutu, phewa, chiuno ndi chidendene zikhale pa mzere umodzi. Ku Spanish Riding School, sukulu ya okwera mahatchi ya ku Vienna, ophunzira atsopano amatha miyezi akukwera opanda zingwe m'manja ndi zopondera zomwe, mphunzitsi akuzungulitsa hatchi pa chingwe chachitali. Pemphani aphunzitsi anu akuchitireni zomwezo, chifukwa munthu wogwira zingwe poopa kugwa sangakhale ndi manja ofewa.

Bwalo la dressage ndi lamamita 20 mulifupi, ndipo mulitali mumakhala 40 kapena 60. Zungulirani mkombero wa mamita 20 kuyambira pa chilembo A, chimene chimakhala pakati pa mbali yaifupi ya bwalo. Mwendo wam'kati mwa mkombero ukhale pa lamba wa pamimba, wakunja ubwerere m'mbuyo ngati chikhatho chimodzi kuti miyendo yam'mbuyo isathawire kunja. Chingwe chakunja ndicho chigwire hatchi. Cham'kati chingopempha khosi lipinde pang'ono, mpaka muone ngodya ya diso, basi. Mukachikoka, phewa lakunja limatuluka ndipo mkombero umakhota.

Nthawi yofanikizira mwendo ndi imene imavuta kwambiri. Hatchi ikamayenda pang'onopang'ono, mvetserani mimba yake ikugwedezeka uku ndi uku. Mimbayo ikamathawa mwendo wanu wakumanzere, ndiye kuti phazi lam'mbuyo lakumanzere lanyamuka. Khudzani pompo, pakuti phazi limene laponda kale pansi silingamvere lamulo.

Musanasinthe liwiro kapena kukhota, ichenjezeni ndi chimene okwera amati half-halt. Limbitsani mimba ndi msana wanu, fanikizani miyendo, finyani zala kwa kamphindi ngati mukufinya siponji, kenaka masulani. Musaiwale kumasulako chonde, ndi kumene kumauza hatchi kuti yachita bwino. Ikapanda kumva, bwerezaninso m'malo mokoka kosalekeza.

Mawu a pakamwa amathandiza pophunzitsa, koma muziwachepetsa pang'onopang'ono, chifukwa pa mipikisano ina oweruza amadula mamalikisi akakumvani mukuilankhula.